Matemba opindika amene ndinadyetsa achemwali

Ndikukumbukira chaka chomwe ndinali sitandade 3, tikukhala kwa mayi cha ku Nathenje, ndisanakwatiwe kuno ku Mitundu. Kumunsi kwa dimba lathu kunali dziwe. Madzi akachepa mu Okutobala, atsikanafe tinkalowamo awiriawiri, wina wagwira chitenje uku wina uko, kukokolola matemba. Matope ake ofunda, onunkha ndowe za ng'ombe. Misundu ikatimata m'miyendo, mnzanga Nabanda, amene pano ali ku Malingunde ndipo mano onse anatha, ankakuwa ngati wagwidwa ndi ng'ona.

Chaka chimenecho matemba ena anayamba kutuluka achilendo, msana wopindika ngati chikwakwa, ena diso limodzi. Kumtunda kunali esiteti ya fodya, ndipo antchito ake ankatsukira migolo ya mankhwala mumtsinje wothira m'dziwe lija, madzi n'kuyera mbee ngati mkaka. Ife tinkangoti madzi akongola.

Ndiye kunyumba achemwali anga a Esinati anali ndi pakati, mimba yoyamba. Kwathu woyembekezera sadya chinthu chopunduka, amati mwana atengera. Ine ndinkadziwa bwinobwino. Koma tsiku lina ndinagwira matemba ochepa, achemwali nkhuli yawavuta, ndiye ndinangowakazinga onse pamodzi paphale, kamchere pang'ono. Akauma pamoto, wopindika ndi wowongoka sasiyana.

"Iwe, wasankha amenewa?"

"Ndasankha, achemwali."

Anadya mpaka kunyambita zala.

Abale, miyezi iwiri yotsatirayo ndinaiona kutalika. Achemwali akamadutsa ndinkangoyang'ana mimba ija. Ine chakudya sichinkandilowa. Mayi anati ndi njoka zam'mimba, n'kundimwetsa mizu yowawa masiku atatu, ine n'kumamwa osadandaula, ndikuti ndiye chilango changa chimenechi.

Achemwali atachira n'kubwera kunyumba ndi mwana wamwamuna, ndinachonderera kuti ndimunyamuleko. Ndinalowetsa dzanja m'kansalu kake, n'kuyendetsa chala pamsana kuchokera pakhosi mpaka kumunsi. Wowongoka! Maso onse awiri! Ndinalira mokweza, mayi n'kunena kuti, "Taonani nsanje, walandidwa achemwali ake."

Mdzukulu wanga wa kusekondale ndi amene wandimasulira posachedwapa. Akuti mankhwala aja akalowa m'thupi mwa nsomba amawononga mbewu yake, ndiye ana ake amabadwa opunduka, ngakhale madzi ataoneka abwino. Ndiye kuti choopsa sichinali kupindikako ayi, chinali chomwe chinawapinda, ndipo tinkadya tonse, mudzi wonse, osankha ndi osasankha omwe.

Pano m'dziwe lija mulibe ngakhale temba limodzi. Timagula ouma pamsika, ochokera kutali, ndipo atsikana amasiku ano misundu saidziwa n'komwe. Mwana wa achemwali uja ali ndi imvi tsopano, amayendetsa ngolo pa Nathenje. Koma achemwali anamwalira chaka chatha ndisanawauze kuti sindinasankhe.