Bambo Gabriel Muhiwa, amene anakana unyolo

Bambo Gabriel Muhiwa, amene tawaika m'manda mwezi wathawu, anabadwira m'malaini a pa esiteti ya tiyi, kwa makolo ochokera ku Mozambique. Ali mnyamata ankatumikira pa Misa alibe nsapato. Sukulu sanapite nayo patali. Anathyolako tiyi, kenako anagula njinga n'kuyamba kabaza pa Muloza. Atakwatira mayi Cecilia anakakhala chikamwini kufupi ndi Milonde.

Mtanda wawo unafika mwana wachitatu atabadwa. Mayi Cecilia anasiya kugona, anayamba kumva mawu a anthu osaoneka, ndipo tsiku lina anasiya khanda pachitsime n'kumayenda mumsewu akuimba. Mudzi sunachedwe kupeza wolakwa.

"Mkamwiniyu wamukhwimira mlongo wathu kuti kabaza amuyendere," anatero alamu awo.

Anawalanda mkaziyo n'kukamusiya kumsasa wa mapemphero. Bambo Muhiwa atalondola anapeza akazi awo atamangidwa unyolo kumtengo, miyendo itatupa, atamanidwa chakudya ati kuti chiwanda chifooke. Anatola mwala n'kuphwanya loko.

"Mukamuchotsa pano, magazi ake ali pa inu!" anakuwa mwini msasa.

"Paguwa ndinalonjeza kukhala naye pamtendere ndi pamavuto," anayankha iwo. "Za unyolo sindinalonjeze."

Anawakweza panjinga mpaka kuchipatala. Namwino wa matenda a maganizo anawauza kuti vutoli limagwira amayi ena akangochira kumene, ndipo ofufuza apeza kuti ambiri amapeza bwino ndi mankhwala, tulo tokwanira ndi abale osawataya. Sizinali zapafupi. Mankhwalawo ankawafoola mayi Cecilia, manja ankanjenjemera, ndipo matenda ankabwereranso nthawi zina. Bambo Muhiwa ankatunga madzi, kusambitsa ana, amuna anzawo akuwaseka.

Koma amene anawalasa koposa ndi akhristu anzawo. A Hudson, tcheyamani wa mphakati, anaimirira pamsonkhano nati, "Munthu wodalira mapilitsi m'malo mwa Mulungu asatitsogolere kolona." Palibe anatsutsa. M'tchalitchi amayi ankasuntha pabenchi mayi Cecilia akakhala. Pa Muloza ena anasiya kukwera njinga ya bambo Muhiwa, wina mpaka anaicheka matayala. Zinawapweteka kwambiri, moti ana awo amakumbukira akupemphera misozi ili mbwembwembwe: "Ambuye, anthuwa ndi anu. Ine andikanika." Komabe Misa sankajomba. Ankakhala kumbuyo, pafupi ndi khomo, akazi awo ali pambali.

Imvi zitayamba, kunabwera ofufuza za maganizo amene ankaphunzitsa anthu wamba kuthandiza ovutika ndi nkhawa ndi kukhumudwa. Kafukufuku wawo ankaonetsa kuti kucheza kwadongosolo kumapepuza mtima, ngakhale kumene madokotala ndi ochepa. Bambo Muhiwa anadzipereka. Anaphunzira kumvetsera osaweruza, kugawa vuto lalikulu m'tizidutswa, kufunsa mosazemba ngati munthu akuganiza zodzipha, ndi kutumiza kuchipatala amene matenda awakulira.

Misa ikatha ankakhala kuseri kwa tchalitchi kudikira wofuna kulankhula. Akomiti anawathamangitsa. "Mukutisonkhanitsira amisala pamalo oyera," anatero. Iwo anangonyamula kampando kawo n'kukakhala pansi pa bulugamu kunja kwa mpanda. Anthu ankabwera mozemba: wothyola tiyi amene ntchito inamuthera, namfedwa, mtsikana wosiyidwa ndi mimba. "Ine si dokotala," ankawauza. "Ine ndi khutu chabe. Yambani pomwe pakupweteka."

Matenda a mtima anawagoneka chaka chino. Atalandira sakramenti la kudzoza odwala, anaitana mwana wawo Tamanda.

"Amayi ako asamadumphitse mankhwala. Ndipo usamawayankhire, pakamwa ali napo."

Anatsirizika mwakachetechete m'mawa wa Lachisanu, dzanja lawo lili m'manja mwa mayi Cecilia.

Bokosi ananyamula ndi anthu a pansi pa bulugamu. Kumanda a Hudson, atatsamira ndodo, anayamba kutamanda malemu kuti anali mzati wa mphakati. Mayi Cecilia anadzuka pakati pa amayi.

"Khalani pansi, a Hudson. Mawu amenewo amuna anga ankawafuna ali moyo."

A Hudson anakhala pansi.

Mzimu wa bambo Gabriel uuse mumtendere. Otsalafe tidzifunse kuti ndani tidzamukhazike kukhomo la tchalitchi Lamulungu likubwerali.