Kapinga Amene Amayi Anakana

Nyumba ya makolo anga inabwera pa lole. Sindikuseka ayi. Inabwera m'zidutswa ziwiri, chilichonse pa lole yake, anyamata a kampani n'kuzilumikiza ndi mabawuti ife tikuonerera. Pofika madzulo inali itaima, makatani ali m'mawindo, kapeti ali pansi. Abambo anaizungulira manja ali kumbuyo ngati foromani, ngati njerwa anaumba okha. Njerwa zake ziti? Panalibe ngakhale imodzi.

Abambo ndi amayi anathawa ku Malawi pa nkhani za ndale ine ndili wakhanda. Ndinakulira m'fulati ya khonsolo ku Lewisham, pamwamba anthu, pansi anthu, m'mbali anthu, ndipo abambo ankadandaula tsiku ndi tsiku kuti tikukhala ngati nkhunda. Atapuma pa ntchito anakokolola zonse zimene anasunga n'kugula nyumba ija, kumapeto kwenikweni kwa London, kupitirira kumene sitima ya District imathera. Ndi malo a okalamba okhaokha, pomwe tinyumba totere tandandalikana ngati mabasi pa depoti.

Kutchalitchi anaimirira n'kuchitira umboni kuti Mulungu wawapatsa nyumba yoima payokha. Za matayala sanatchule. Matayala analipo ndithu, kunsi, atawabisa ndi timatabwa topentedwa kuti tizioneka ngati khoma. Sanatchulenso kuti anagula nyumba yokha, nthaka ndi ya mwini malo, yolipira lendi mwezi ndi mwezi. Ndikawakumbutsa ankangoti ndine mwana wa ku England, wopanda ulemu.

Zaka zoyamba inali bwino, ndisaname. Munali mofunda, zitseko zinkatsekeka. Kenako inayamba kuonetsa khalidwe lake. Makoma ake, abale inu! Abambo akayetsemula, gogo wachizungu wa nyumba yoyandikana ankawadalitsa ali kwake. Mphepo ikaomba makapu ankalira m'kabati. Nyengo yozizira gasi wa m'masilinda ankatha ngati pali wina akumwa, nkhungu inamera kuseri kwa wadilopu, ndipo pakhomo pa bafa pankatitimira ukaponda. Koma kuwafunsa amayi, yankho linali limodzi: "Ilibe vuto. Vuto ndi thupi lakolo, lachuluka."

Chimene amayi anachikonda sichinali nyumbayo, linali bwalo. Kutsogolo kunali kamalo ka kapinga wobiriwira bwino, ndipo sabata yoyamba yomweyo anatulutsa khasu lomwe mayi wina wa kutchalitchi anawabweretsera m'sutikesi kuchokera ku Chipata. Anamupala yense, mpaka dothi kuonekera mbee.

"Amayi, kapinga ameneyu anthu amachita kugula," ndinatero.

"Udzu pakhomo? Ukufuna anthu aziti pano pakukhala alesi? Nanga njoka?"

"Njoka ku London kuno?"

"Unaziwerenga iwe?"

Kuyambira pamenepo, m'mawa uliwonse ankasesa ndi tsache lakumudzi, atawerama, chitenje chili pamwamba pa jekete, n'kusiya mizere yokhota padothi. Aneba ankaganiza kuti akukonzekera kuika simenti, ndipo anadikira zaka. Mwini malo anabwera kudzadandaula, amayi anamupatsa mandasi, munthuyo n'kubwerera asananene chomwe anabwerera.

Abambo atamwalira, amayi anatsala okha m'bokosi lija, mawondo akukana. Ine ndimakhala ku Barking, ndimasamalira odwala kuchipatala, ndipo mwana wanga wamkazi atapita ku yunivesite chipinda chake chinangokhala. Ndinaganiza basi: tigulitse, amayi abwere kwa ine. Ndinkaopa, ndinene poyera. Ndinkaopa kuti tsiku lina pansi paja padzaboka iwo ali pomwepo, foni ili kutali. Komanso aliyense ankandiuza kuti nyumba zotere sizikwera mtengo ngati za njerwa, zimatsika ngati galimoto, moti ukazengereza udzagulitsa zitsulo.

Ndinawauza amayi. Sanavomere, sanakane. Anangoti, "Hmm." Ine ndi changu changa ndinamva kuti avomera.

Wogulitsa nyumba anabwera, kamnyamata ka nsapato zosongoka, konunkhira perefyumu kuyambira pageti. Anagogoda khoma, khoma n'kumuyankha ngati chigubu. Anaponda pakhomo pa bafa, n'kubwerera chafutambuyo mwaulemu. Anasuzumira kuseri kwa wadilopu. Mtengo umene anatchula ndinaseka mpaka misozi, ndinkayesa ndi wa makatani okha. Ndiye akuti pa kamtengo komweko mwini malo adzadulaponso gawo lake, poti ndi mmene zimakhalira. Amayi nthawi yonseyi ankangomuwonjezera tiyi, akumufunsa ngati ali pabanja.

Potuluka anaima pamasitepe n'kuyang'ana bwalo. Anati za m'kati tingabise ndi penti, koma kunjaku ayi. Ogula amafuna kuona zobiriwira, ndipo bwalo ili likuoneka ngati pafukulidwa mapaipi. Tiikepo kapinga asanajambule zithunzi.

Ndinaitanitsa kapinga. Kunotu udzu umabwera wokulunga ngati mphasa, amangoyala. Loweruka m'mawa azibambo awiri anafika nawo pa vani, ine ndikutsika basi, ndipo tonse tinapeza amayi atatulutsa mpando wa kukhitchini, atakhala pakati pa bwalo, tsache lili pamwendo. Anali atavala duku la Chigwirizano, ndiye ndinadziwa kuti lero kuli nkhondo.

"Amayi, sunthani, anthuwa ali ndi kwina kopita."

"Apite."

"Tinagwirizana kale!"

"Unagwirizana ndi ndani? Ine ndinati hmm."

Mtima unandikwera. Ndinayankhula zambiri, Chichewa ndi Chingerezi pamodzi, azibambo aja akunamizira kuyang'ana mafoni awo. Ndinati nyumbayi ikuwola, ndi kalavani yovala suti, abambo anapusitsidwa ndipo mpingo wonse ukudziwa. Ndinati dothi mukulisesali si lanu, ngakhale kambewa ka pansi apa kali ndi ufulu kuposa inu, mwini wake ali ku ofesi uko akudya lendi yanu.

Amayi anandisiya mpaka mpweya unandithera. Kenako analoza ndi tsache pambali pa masitepe, pamalo posalala kuposa pena paliponse.

"Mwini wakeyo akudziwa chimene chili apo?"

"Pali chiyani?"

"Mchombo wa mwana wako."

Ndinakumbukira bwinobwino. Nditabereka, amayi anabwera ku Barking kudzandisunga pa chikuta, akundiletsa kutuluka, akukangana ndi anamwino pa nkhani ya phala. Tsiku limene mchombo unagwa, uli ndi kopanira kake kapulasitiki kachikasu ka kuchipatala, anautola n'kuukulunga m'kampango. Ine ndi tulo tanga ndinayesa akukataya m'bini. Kani anakwera nawo sitima.

"Wako tinausiya ku Ntcheu," anatero. "Ndinaukwirira kuseri kwa nyumba ya apongozi anga, ndipo mwezi usanathe tinali titathawa. Nyumbayo inagwa, malowo anagawana, lero sindingakulozere ndi pomwe. N'chifukwa chake uli chonchi, wosakhazikika, chilichonse kufuna kugulitsa. Wa mdzukulu wanga sindiusiya. Abambo ako ndiwo anakumba, ndi supuni yaikulu ija."

Ndinkafuna kuyankha kuti kusakhazikika kwanga ndi mashifiti, osati mchombo. Koma ndinaona abambo m'maganizo, munthu wa tayi ngakhale pochapa mbale, atagwada padothi la lendi akukumba ndi supuni. Zinandiseketsa ndipo zinandipweteka, ndiye ndinalira ngati chitsiru pamaso pa anthu a kapinga.

Mmodzi wa iwo anafunsa mwaulemu ngati pakwiriridwa mphaka. Ndinati eya, mphaka, chifukwa ndikanayambira pati? Kapinga tinamupatsa gogo wachizungu uja, ndipo mpaka lero amatiweyulira ngati tinamugulira galimoto.

Nyumba sitinagulitse. Pakhomo pa bafa ndinaitana kalipentala, anakhomapo thabwa, n'kundichenjeza kuti wangogula nthawi. Chaka chilichonse mtengo ukutsika, ndipo kamnyamata ka nsapato kanasiya kundiimbira. Mwana wanga nditamuuza, anayankha m'Chingerezi monga mwa nthawi zonse, kuti zimenezo n'zonyansa. Patapita kanthawi anafunsa kuti pali pati penipeni. Akabwera kudzaona agogo ake amalambalala pamenepo, akuganiza kuti sitikumuona.

Tsopano amayi sangawerame. Loweruka lililonse ndimakwera sitima ndi basi kukasesa, ine mayi wa madipuloma anga, chitenje pamwamba pa jinzi. Iwo amakhala pamasitepe atafunda bulangeti n'kumandilalatira kuti mizere yanga ikukhota ngati ya woledzera.

Mwezi wathawu ndikusesa anandiitana.

"Ndikapita, ugulitse. Ngakhale akupatse ya mabasi, ulandire. Koma uyambe wakumba."

"Amayi, zaka zonsezi? Unawola kalekale."

"Mchombo unawola. Kapulasitiki kaja sikawola. Pamalo onse ano ndi kokhako kamene azungu anapanga molimba." Anaseka mpaka kutsokomola. "Utenge ndi dothi lake lomwe. Ukakaike pako."

Ndinavomera, ndinati chabwino amayi. Sindinawakumbutse kuti kwanga ku Barking ndimakwera ndi chikepe, kuti pansi panga pali anthu ndipo pamwamba panga pali anthu, ndipo dothi lomwe ndili nalo ndi la m'kachitini ka duwa limene linauma chaka chatha. Akudziwa kale zimenezo. Ndinangowerama n'kubwereza mizere ya pambali pa masitepe, pang'onopang'ono, mpaka anasiya kudandaula.