Bulauzi ya a Luciana

Anthu a ku Chiwanga akamakamba za a Luciana masiku ano amayamba ndi kupukusa mutu, ati anali mayi wabwino. Ubwino wake uti? Ine Antonieta ndinakula nawo, tinabatizidwa tsiku limodzi, tinavekedwa yunifolomu ya amayi a mpingo chaka chimodzi, ndiye musandiuze za iwo.

Anabadwira pagombe pomwepa, mwana wa msodzi. Anakwatiwanso ndi msodzi, amene anapita ku Nampula nthawi ya nkhondo osabwerako, kuwasiya ndi mwana mmodzi, Rosita. Anayesa zoyanika usipa, zinawakanika. Ndiye anakwera kumtunda kwa mtsinje, kudimba la malemu amayi awo, n'kuyamba kutcheza kachasu. Zaka makumi atatu! Chodabwitsa n'chakuti eni akewo sanalawepo ngakhale dontho. Ankangothira pang'ono pasupuni n'kuyatsa, lawi likatuluka labuluu ati watheka.

Olawa anali amuna anga a Yeremiya. Analawa mpaka chiwindi chinatupa, mimba ngati ya mayi wapakati, ndinawaika m'manda ana akadali ang'ono. Ndipo pamaliro awo anatsogolera nyimbo ndani? A Luciana omwewo, bulauzi ili mbee, duku labuluu, mawu okoma mpaka asodzi kugwetsa misozi. Ine ndinalira ndi mkwiyo.

Lamulo la bungwe lathu n'lodziwika: wovala yunifolomu satcheza, sagulitsa, samwa. Mudzi wonse unkadziwa za kudimba, koma palibe ankatsegula pakamwa, poti amuna ambiri a komiti ya tchalitchi ankagula komweko. Kawiri konse ndinapita kwa a padre, kawiri konse anandifunsa kuti, "Mayi, munawaona ndi maso anu?" Ndikanawaona bwanji, ulendo wa maola awiri wokwera phiri, ndi mawondo angawa? Choncho a Luciana anakhalabe mtsogoleri, onyamula mbendera, ine wachiwiri wawo. Akamasita bulauziyo ndi simbi ya makala ankakonda kunena kuti, "Ine sindifuna bokosi lokongola, Antonieta. Mudzangondiveka iyi, amayi anzanga adzandinyamule akuimba, basi." Kwathu kuno mayi wa bungwe amalowa m'manda ndi yunifolomu yake. Wovulidwa amapita ngati wina aliyense.

Chaka chadzana, kuloji ya azungu ya kuseri kwa mapiri a kum'mwera kunabwera Crimildo, bambo wa ku Lichinga amene anaphunzira zosakaniza mowa ku Maputo. Anamva za kachasu wa a Luciana, analawa, anayamba kumatumiza zigubu. Lachinayi lina, tikutuluka kumene mumsonkhano wa amayi cha m'ma katolo koloko, folo koloko ya madzulo, tinapeza boti ya injini ya kulojiko itaima pagombe. Crimildo anatsika n'kugwira chipewa m'manja.

"Dona Luciana, lero kuli alendo ambiri. Tiyeni mukaone zimene ntchito yanu yasanduka. Tengani mnzanu mmodzi."

A Luciana anayang'ana bulauzi yawo. "Imani ndikasinthe, mwananga."

Apo m'pamene nzeru inandibwerera. Ndinawagwira mkono. "Musinthe muvale chiyani, inu? Makapulana anu, zitenje zonunkha utsizo, pamaso pa azungu? Muli ndi chovala choposa ichi? Tiyeni, ndikuperekezani."

Anaseka, anakwera. Ine ndinayamba ndadzikulunga kapulana mpaka m'khosi, duku langa ndinaliponya m'thumba, ndinati ndikuopa mphepo.

Koma ndiye kuli malo, abale! Bala lake analimanga pamwamba pa thanthwe, pansi matabwa opukutidwa oti munthu n'kuterereka, mipando yachikopa yomira. Mabotolo m'mashelefu mpaka kudenga, aliwonse ndi kanyali kake. Nyimbo yake yonong'ona, yoti sungavine. Munali azungu, munali mabwana a ku Maputo ndi akazi awo a zikhadabo zazitali. A Luciana anavula masilipasi pakhomo ngati akulowa kuguwa, wantchito wina anawauza kuti avale.

Crimildo anatikhazika pamipando italiitali, miyendo ili lendee. Anatulutsa kachasu, osati m'chigubu ayi, m'botolo lagalasi lokhala ndi riboni. Anayeza m'kachitsulo kakang'ono, anathira madzi a malambe, uchi ndi ndimu, n'kuyamba kukhutchumula m'chitini mapewa akugwedezeka. Kenaka anatenga jelo, madzi oundana aja, chimwala chimodzi choonekera ngati galasi, anachipala m'mbali ndi mpeni n'kuchikhazika m'tambula. Anawotcha khungu la lalanje, anavundikira tambulayo ndi chigalasi chodzaza utsi. Atavundukula, utsi kuti fuu, anthu onse m'manja. Zonsezi kuchitira kachasu amene anapha a Yeremiya atakhala pamchenga ndi kapu ya pulasitiki.

Anatisonyeza kabuku ka zakumwa. Pamwamba penipeni analemba kuti Dona Luciana. Analankhula Chingerezi, analankhula Chipwitikizi, akuloza iwo, alendo onse anaimirira. Mzungu wina wamkazi anawapsompsona dzanja.

A Luciana analira. Anandinong'oneza kuti, "Antonieta, zaka zonsezi palibe anandiuzapo kuti zikomo."

"Lawani, amayi," anatero Crimildo.

"Ine sindimwa, mwananga. Ndingonunkhiza."

Anakweza tambulayo ndi manja awiri mpaka pamphuno, maso ali otseka, kamtanda ka pabulauzi kakuwala. Telefoni yanga inali kale m'manja. Ndinajambula katatu, chifukwa chithunzi choyamba chinaoneka bwino kuti milomo ili kutali ndi tambula. Chachitatu ndiye chinatuluka monga ndinkafunira. Tisanatsike n'komwe m'boti pobwerera, chithunzicho chinali chitafika pagulu la amayi, kwa a padre, ndi kwa mkazi wa katekisiti amene sasunga kanthu m'mimba.

Mlandu unakambidwa Lamulungu titaweruka, m'tchalitchi momwemo. Amuna a komiti, ogula kudimba aja, ndiwo anakwiya koposa, ati mpingo wachititsidwa manyazi mpaka ku Maputo. Za kutcheza a Luciana anavomera. Koma anati, "Kumwa kokha sindinamwe. Mnzanga Antonieta anali pomwepo. Antonieta, auzeni."

A padre ananditembenukira. "Mayi, munaona chiyani ndi maso anu?"

Zaka khumi ndi zisanu ndinadikira funso limenelo. Ndinati, "Ndinaona zimene mukuonazo, a padre."

Komiti inagamula kuti avulidwe. A Luciana anabweretsa yunifolomu kunyumba kwanga mawa lake, poti ine ndinali nditalowa m'malo mwawo. Yochapa, yosita, yokulunga m'pepala. Sanatukwane. Anangofunsa kuti, "N'chifukwa cha a Yeremiya?" Ndinati ndili ndi mphika pamoto.

Pasanathe miyezi isanu ndi umodzi Crimildo anabwerera ku Maputo. Amene analowa m'malo mwake anati kachasu wa kudimba alibe mapepala, anayamba kuitanitsa wa kufakitale. Dzina lokha analisiya m'kabukumo, ndipo akuti mpaka pano ndiwo mowa umene umayenda kwambiri. A Luciana anasiya kutcheza. Ankabwera kutchalitchi n'kukhala benchi lomaliza, pafupi ndi khomo, osaimba. Anapempha kawiri kuti abwezeredwe. Ine ndinkauza amayi kuti tidikire kaye tione ngati alapadi. Dzinja lathali anadwala chibayo, sabata limodzi lokha, anapita.

M'mawa wa tsiku la maliro Rosita anafika pakhomo panga, mayi wa ana atatu, n'kugwada pamchenga.

"Amayi Antonieta, ndakupemphani. Angovala m'bokosi, tidzatseka, palibe adzaone."

"Mulungu adzaona," ndinatero. "Lamulo sindinapange ndine."

Anawaika m'kapulana wamba, onyamula anali asodzi. Ife amayi tinapita ndi zovala zapakhomo, tinakhala pansi pa mtengo, nyimbo anaimba ndi achibale anayi osadziwa mawu ake.

Musandiyang'ane choncho. Bulauzi yanga inali itatha m'khwapa, ndipo nsalu yabwino siyenera kudyedwa ndi njenjete m'sutikesi. Pa Pasaka ndinavala yawoyo, yandithina pang'ono m'mikono, n'kunyamula mbendera. Tikudutsa pakhomo la tchalitchi, Rosita anali ataima pamenepo. Sanandiyang'ane kumaso. Anayang'ana pachifuwa panga, pa batani lachitatu, limene amayi ake analisoka ndi ulusi wabuluu tsiku lina woyera utawathera.

"Ndine ndinawalowetsera ulusiwo m'singano," anatero. "Maso awo sankaonanso."

Ndinakweza mawu, ndinayambitsa nyimbo. Amayi kumbuyo kwanga sanalandire.