Tsiku limene aphungu anagwira khasu la adzukulu

Pa komboni pathu, kufupi ndi Darwendale kuno kwa Ashona, munthu sakumba manda a m'bale wake. Makolo athu anabwera kudzagwira ntchito ya fodya, ena kuchokera ku Malawi, ena ku Tete, ndipo atayamba kufera kuno anapangana chimodzi: wa ku Tete akamwalira timakumba ndife a ku Malawi, wathu akamwalira amakumba ndi iwo. Okumbawo ndiwo adzukulu. Mdzukulu pa maliro salakwa. Akhoza kugwira nkhuku ya mwini, kuvala jekete la malemu n'kumayenda monga ankayendera, kunena abusa pamaso pawo, anthu n'kumangoseka misozi ili m'masaya. Koma pali lamulo limodzi. Wagwira khasu la adzukulu, kapena chida chawo china chilichonse, wasanduka mdzukulu, ndipo sachoka pa manda mpaka dothi lonse litabwerera m'dzenje, iye n'kusamba m'manja ndi anzake.

Ine ndinayamba kukumba nditangosiya sukulu. Akuluakulu anati ukali wangawu uzikathera pa dothi. Sunathe, koma dzenje ndimakumba lowongoka.

Manda athu ali kumunsi kwa mabani akale owotchera fodya, pansi pa mitengo ya bulugama. Mayi anga ali komweko. Pulazi litadulidwa maploti, mbali imeneyo inagwera bambo wina wochokera ku Wedza, mlimi wakhama, zimenezo sindinganame. Poyamba ankatilola kudutsa. Kenako chaka china anatchinga waya, nalima fodya mpaka kukhudza mitumbira ya m'mphepete.

Phungu wathu wa ku nyumba ya malamulo ndi mayi, kale anali mphunzitsi. Pa nthawi ya kampeni anafika pa komboni, anakhala pa mkeka, anamvetsera nkhani ya wayayo mpaka pamapeto, nati akalowa m'nyumbamo akatilankhulira. Amene tinali ndi zitupa tinawavotera. Ndipo sanasowe ngati ena aja. Mjigo utawonongeka anabwera, ana atabwezedwa ku sukulu chifukwa chosowa makalata a kubadwa anabwera ndi anthu olembetsa. Ine ndinafika poteteza dzina lawo ndi zibakera ku mowa.

Ndiye kunabwera tsiku lija. Phungu wa chipani china anabweretsa ganizo loti makomboni akale ndi manda ake azitetezedwa, mwini ploti asamatseke. Masiku ano zokambirana zawo zimaoneka pa foni, ndiye tinaunjikana pa kashopu, mitu ili pamodzi. Belu linalira m'nyumba ya malamulomo, aphungu anagawikana, ovomera mbali iyi, okana mbali iyo. Tinawaona amayi aphungu athu, chikwama chawo chachikulu chili m'khwapa, akuyenda pang'onopang'ono kupita kwa okana. Ndinamenya kauntala mpaka mabotolo anagwa. Mwini foni anailanda n'kuithawitsa.

Sipanapite nthawi, kunamwalira agogo ena a ku Tete, amene moyo wawo wonse anauthera posonkhezera moto m'mabani. Unali mwezi wa Okutobala, dzuwa lija lopsereza ngakhale mwala. Akazi awo, gogo wa miyendo yotupa, anatiitana adzukulu pakhomo nati, "Ana anga awiri ali pansi pa bulugama wamkulu uja. Bambo awo mukawagoneke pambali pawo. Ndizikawaona onse ulendo umodzi, miyendo iyi siyofika kwina."

M'mawa tinanyamula mapiki, mafosholo ndi khasu. Tinapeza geti lili ndi loko, mwini ploti ataima mkati ndi galu wake. Anati pano zatha, kaikeni ku manda a khonsolo kutawuni. Ndinali nditatulutsa kale pulayazi m'thumba kuti ndidule waya, koma mkulu wa adzukulu anandigwira pa mkono.

"Iwe chipsamtima, ukadula abwera apolisi. Maliro agonanso, ndipo nyumba ija ndi ya malata."

Tinabwerera ndi zida zosadetsedwa. Pa siwa amayi a mpingo ankaimba, koma maso onse anali pa mapewa athu. Gogo uja atationa anangophimba nkhope ndi chitenje.

Dzuwa lili pamutu kunaima galimoto. Anatsika amayi aphungu ndi mlembi wawo wovala tayi. Maliro sajomba amenewo. Anagwira anthu chanza mmodzimmodzi, "Nematambudziko," monga amapepesera Ashona, n'kukakhala pansi ndi azimayi. Magazi anandikwera kumutu. Koma ndinakumbukira kuti lero ndine ndani.

Ndinalanda chitenje cha mayi wina n'kumanga m'chiuno. Thumba la feteleza ndinalipinda n'kuliika m'khwapa. Mnzanga ndinamupatsa chivundikiro cha poto kuti azimenya ndi supuni ngati belu. Ndinaima pakati pa bwalo.

"Chete m'nyumba muno! Ofuna kuti akufa a pa komboni agone ndi ana awo, uku! Osafuna, uku!"

Ndiye ndinayenda, pang'onopang'ono, kugwedeza thupi, kuyang'ana pansi ngati munthu wataya singano, mpaka ndinakaima kwa osafuna, n'kukonza chikwama changa cha feteleza. Nyimbo inaduka. Kenako mayi wina anaphulika kuseka, bwalo lonse linatsatira. Ngakhale chitenje cha gogo uja chinkagwedezeka.

Mlembi anaimirira nkhope itatupa. Amayi aja anamukoka jekete kuti akhale. Chichewa amachidziwa, anakulira pafupi ndi mapulazi, ngakhale chimapendekera ku Chishona.

"Mdzukulu," anatero, "chikwama ndimanyamula kumanzere. Ukafuna kundinena, uzindinena bwino."

Anthu anasekanso, tsopano akuseka ine. Ndinasamutsa thumbalo.

"Chabwino amayi, kumanzere. Koma mbali ija munapita kapena simunapite?"

"Ndinapita."

"Si inu munakhala pa mkeka uwu n'kutilonjeza?"

"Ndine. M'chipinda cha chipani ndinalimbana nayo nkhaniyi mpaka mawu anasasa. Ndinagonja. Anatiuza kuti wowolokera kwa enawo mpando auiwale. Ndinaganiza za chipatala cha amayi oyembekezera chimene chili pakati kumangidwa, ndinasankha mpando. Kapena ndinalakwa. Anzanga ena belu likalira amathawira kuchimbudzi kuti asawerengedwe mbali iliyonse. Ine ndinaima poonekera, n'chifukwa chake unandiona."

Ndinkayembekezera bodza, ndipo mayankho a bodza ndinali nawo okonzeka. Zoonazi zinandisowetsa pogwira. Ndinangokuwa basi.

"Ndiye mpandowo tiugoneke m'bokosi? Agogo ali m'nyumbamo akutupa, amayi! Geti latsekedwa ndi loko!"

Amayiwo anatembenukira kwa abusa. Abusa anagwedeza mutu kuvomera. Palibe amene anali atawauza aphunguwo za getilo, aliyense ankachita manyazi kuyamba. Amayiwo anadzuka, anasasa fumbi.

"Nyamulani zida zanu. Tiyeni."

Ine ndinkaganiza kuti akakalipa, akatchula maudindo, loko ikathyoka ndi mantha. Ndinkafuna zimenezo kwambiri. Koma tikufika pa geti ananjuta pansi m'fumbi, nayamba kuwomba m'manja mwa Chishona, kumufunsa bambo uja mfunda wake ndi kumutamanda nawo. Bamboyo anasowa chochita, nayenso ananjuta kuseri kwa waya. Galu anagona pansi.

"Baba, chikuvuta n'chiyani?"

Bamboyo anayankha. "Amayi, inu mukudziwa. Kwathu manda ndiwo umwini wa malo. Aliyense amene aikidwa pano ndi chikhomo chokhomedwa m'munda mwanga. Mawa ana awo adzati dziko ili ndi lathu, taonani makolo athu. Ine amene, pano ndili ndi chilolezo chabe, boma likafuna lindichotsa. Ndipo mandawa akukula. Chaka ndi chaka akudya mizere."

Zimenezi ndinali ndisanazimvepo. Ndinkati munthuyu ndi wouma mtima basi. Komabe pakamwa panga sipadikira mutu.

"Mayi anga analowa m'dothi limenelo inu musanadziwe n'komwe kuti kuli Darwendale!"

"Khala chete iwe," anatero mkulu wa adzukulu. Ndipo kwa bamboyo anati, "Achimwene, ife munda sitikuufuna. Makolo athu analima pulazi lonseli osatenga ngakhale mzere umodzi. Tikufuna pogona."

Amayi aphungu anati ngati vuto ndi kukula kwa manda, tiyende tonse lero lomwe, tiike miyala m'makona, manda asadzapyole pamenepo, munda usadzalowe mkati, ndipo iwo ndi khansala akhala mboni. Bambo uja ankangokanda galu kumutu, osati inde, osati ayi. Ndiye amayiwo, pofuna kuonetsa kuti sakuseka, anatambasula dzanja n'kutsitsa khasu limene linali pa phewa langa. Analitema pansi pafupi ndi mtengo wa geti.

"Mwala woyamba apa."

Adzukulu onse anakuwa pamodzi. "Eee! Agwira! Agwira!"

Amayiwo anadzidzimuka, khasu lili m'manja. Mkulu wathu anavula chipewa, nawafotokozera mwaulemu wonse kuti tsopano ndi mdzukulu, ndipo kuchoka pano n'kosatheka mpaka agogo atakwiriridwa.

Mlembi anayang'ana wotchi. "Onarebo ali ndi msonkhano wina ku sukulu, anthu akudikira."

"Adikire," ndinatero. "Kapena abwere adzagwire nawo, makasu alipo."

"Limeneli ndi lamulo ndithu?" anafunsa amayiwo.

"Lamulo, amayi. Ndipo silinapite kokavoteredwa."

Anaseka mpaka anatsamira mpini. Anauza mlembi kuti aimbe foni ku sukuluko, anene kuti achedwa. Kenako anavula nsapato zawo zazitali zija, nazipachika pa waya, naima chilili kutsogolo kwa geti mapazi ali m'fumbi lotentha.

"Baba, mwamva nokha. Ine pano sindichoka mpaka munthuyu ataikidwa. Kaya ndi mawa, kaya ndi mkuja, mundipeza pa geti panu. Muzindipatsako madzi."

Ndani angasiye phungu, mayi wamkulu, ataima wopanda nsapato pakhomo pake dzuwa likuswa mtengo? Bamboyo anayang'ana kumwamba, anapukusa mutu, n'kupisa m'thumba. Loko inatseguka.

Tinayenda nawo m'malire, tinagubuduza miyala inayi. Pa kona ya kumadzulo tinakangana, iye akufuna mwala ulowe, ine ndikufuna utuluke, mpaka amayiwo anauponda ndi phazi pamene unali nati watha pomwepo. Kenako tinayamba dzenje pambali pa ana awiri aja. Azimayi kwathu salowa m'dzenje, ndiye mdzukulu watsopano tinamupatsa fosholo yokankhira dothi kutali ndi mkamwa mwake. Tinawanena mokwanira. Wina anati fosholo akuigwira ngati cholembera. Wina anati akankhe mbali yoyenera, asasocherenso ngati tsiku lija. Amayiwo anawabwezera onsewo, palibe amene anamusiya.

Titafika m'chiuno piki inayamba kulira. Mwala. Ndinamenya, ndinatukwana, ndinamenyanso, moto ukuthetheka. Mwini ploti anali ataima patali manja ali kumbuyo, koma ndinkamuona akuvutika. Mlimi sapirira kuona munthu akulimbana ndi dothi molakwika.

"Iwe mnyamata, mwala sumenyedwa pamutu! Funa mtsempha wake!"

"Mtsempha uti? Ndi ng'ombe imeneyi?"

"Choka, choka!"

Analumphira m'dzenje, anandilanda piki, anagogoda mbali iyi ndi iyo akumvetsera, n'kumenya cham'mbali. Mwala unang'ambika ngati chinangwa. Anaweramuka kuti andinyoze, anapeza adzukulu onse atazungulira dzenje akumwetulira, amayi aphungu ali pakati pawo.

"Agwira nawonso," anatero amayiwo, iwo eni.

Agogo a ku Tete tinawaika dzuwa litapendeka. Gogo uja tinamubweretsa pa wilibala, anakhala pansi pakati pa mitumbira itatu, dzanja limodzi pa dothi latsopano, lina pa lakale. Pomaliza tinasamba m'manja m'beseni limodzi la madzi a masamba: ine, anzanga, mlimi wa ku Wedza ndi phungu wa ku nyumba ya malamulo. Madziwo anafiira onse chimodzimodzi. Ndisanatuluke ndinapatuka kukazula udzu pa mayi anga.

Lamulo la boma lija silinasinthe, ndisanamizire. Patapita milungu tinawaona pa foni amayiwo ataimirira kufunsa nduna za manda a m'makomboni, nduna n'kuyankha mozungulira ngati ng'ombe ya pa chikhomo. Amayiwo atabweranso kudzaona chipatala chija ndinawauza kuti makomboni ena alibe mwayi wakuti phungu agwire khasu mwangozi. Anavomera. Anati nkhaniyi aibweretsanso, tsopano ichokere m'chipani chawo chomwe, ndipo ayamba kale kunong'oneza anzawo a madera a mapulazi. Ndinawauza kuti thumba la feteleza lija ndinasunga, ndipo ndikudziwa tsopano kuti ndi kumanzere.

Miyala inayi ija ilipobe, ndipo mbali ya ku msewu kuli kageti kopanda loko, kamene anakhoma mwini ploti yekha. Lamulungu lililonse tikaweruka ku tchalitchi gogo uja amatsetsereka ndi ndodo ndi tsache lake, amasesa atatu ake, n'kusesanso pa mayi anga. Pobwerera amaima pa waya moyang'anana ndi nyumba ya bambo uja, n'kukuwa mawu onse.

"Mdzukulu! Madzi!"

Ndipo bamboyo amatuluka ndi kapu, akung'ung'udza mu Chishona.