Achimwene Akana Besi Yatsopano

Lachiwiri lapitali ndinali pamsika wa Chinakanaka ndikusankha mapeyala, foni n'kulira. Anali alamu anga, akazi a achimwene anga a Lusiyano, ndipo moni wawo unali wachidule ngati wa munthu amene mayunitsi akumuthera. Anati ndifike ku Milonde ndikalankhule ndi achimwene, poti iwo atopa nawo. Anati nkhaniyi ikapanda kutha sabata ino, ukwati wa mwana wawo udzachitika bambo ake atangokhala pampando ngati mlendo.

Nkhani yake ndi ya gitala, abale anga. Musaseke.

A Lusiyano amaimba besi, gitala ya mawaya anayi onenepa ija, imene munthu amaimva m'chifuwa isanafike kukhutu. Anayamba kuimba mu bandi ya pa esiteti ya tiyi pamene ankagwira ntchito kufakitale, ndipo atapuma pantchito analowa bandi ya kutchalitchi kwawo. Zaka zonsezo, besi yawo ndi ya kampani imodzi basi. Dzina la kampaniyo sinditchula, angandiganizire kuti andipatsa ya fanta, koma linalembedwa kumutu kwa gitalayo ndipo lili ndi kansalu kakekake kopukutira. Yoyamba itatheratu, anasakasaka mpaka anapeza ina ya dzina lomwelo. Kwa iwo besi ndi imeneyo, zina zonse ndi matabwa okhala ndi mawaya.

Vuto ndi lakuti chinthucho n'cholemera, ndipo khosi lake ndi lalitali. Achimwene nawo nyamakazi yawagwira phewa ndi zala za kumanzere. Akaikoleka, nyimbo isanafike pakati thukuta lili kamukamu, zala zikuchedwa, woimba ng'oma akuwayang'ana cham'mbali. Mtsogoleri wa bandiyo, mphunzitsi wina waulemu wake, anawauza mosapsatira koma mofatsa kuti zikakhala chomwechi, pa ukwati wa Felesiya adzaimba besi ndi mnyamata wina amene akuphunzira.

Felesiya ndi mwana wawo womaliza. Pa maukwati a akuluakulu ake onse anaimba ndi bambo ake, osanena za maukwati a anthu ena amene sitingawawerenge. Mwanayo atamva, anagula ku Limbe kumene amagwira ntchito besi ina yopepuka, ya khosi lalifupi, n'kuitumiza pa minibasi. Achimwene anatsegula bokosi, anawerenga dzina la kumutu, anatseka, n'kuliika pamwamba pa kabati. Akuti anangonena kuti chimenecho ndi chidole cha ana a sukulu.

Ndinakwera minibasi m'mawa mwake mtima uli wotentha. Ine ndikapsa mtima ndimayamba kukonzeratu mawu, ndiye ulendo wonse ndinkawatsuka achimwene chamumtima. Koma titayamba kudutsa m'minda ya tiyi, mkwiyo unayamba kuthawa wokha, ndipo ndinagwidwa ndi chifundo cha masiku amene sadzabweranso.

Ife tinakulira m'makomboni a pa esiteti. Loweruka la malipiro, dzuwa likangopendeka, holo ya ogwira ntchito inkadzaza. Azimayi ankabwera atasamba, atadzola, atavala zitenje zosungira, koma zala zidakali zakuda chifukwa chothyola tiyi. Kapitawo amene wakukalipira sabata yonse unkamupeza akuvina pambali pako, chipewa chili m'manja. Jenereta ikazima, anthu ankangopitiriza ndi m'manja mpaka ayikonze. Ndipo pakona, pafupi ndi sipika, pankaima a Lusiyano, osamwetulira, osagwedeza ngakhale mutu, ngati munthu amene akudikira basi. Koma akangokhudza waya wonenepa uja, mabenchi ankanjenjemera, ndipo ngakhale agogo amene anabwera kudzangoonerera ankapezeka ali pakati.

Malemu amuna anga anandifunsira mu holo imeneyo. Mpaka lero sindidziwa ngati ndinalola iwo kapena ndinalola besi.

Ndimakumbukanso achimwene akupita kukaimba pa esiteti ina nthawi ya chiperoni, gitala itakulungidwa m'bulangeti lawo logona, pamwamba pulasitiki, eni ake ali ndi shati yokha akunyowa. Amayi athu ankati mwana wawo anakwatira kale, mkazi amene adzabwere adzakhala wachiwiri. Alamu anga amaidziwa nthabwala imeneyi ndipo saiseka.

Tsono funso ndi ili: kodi woimba besi ayenera kukakamira kampani imodzi moyo wake wonse?

Ndisakunamizeni, okakamirawo ali ndi mfundo. Dzanja limazolowera. Woimba besi weniweni sayang'ana pamene akugwira, chala chimapita chokha pamalo pake ngati phazi panjira ya kuchitsime. Mukamusinthira khosi la gitala, mwamusinthira njira. Komanso munthu akakhalitsa ndi chida chimodzi amakhala ndi kamvekedwe kakekake. Achimwene akamaimba, unkadziwa uli kumsewu kuti ndi iwo. Anyamata a masiku ano lero agwira iyi, mawa abwereka ina, mkuja aona ina pafoni ayamba kuilakalaka, ndipo onse amamveka chimodzimodzi. Akuluakulu anati mapanga awiri avumbwitsa, ndipo pa nkhani ya zoimbira sananame.

Koma tiyeni tinene zoona. Mwa anthu onse amene ankadzaza holo ija, ndani anawerengapo dzina la kumutu kwa gitala? Ambiri sankadziwa n'komwe kuwerenga. Ankavinira a Lusiyano. Nayo kampaniyo kodi imadziwa kuti padziko pano pali malo otchedwa Milonde? Achimwene atagonekedwa kuchipatala chaka chatha, inatumiza ngakhale nthochi?

Ndipo si oimba okha. Tonsefe tili nako kachibwana kameneka. Alipo atelala pa Boma amene anasoka mayunifolomu a ana anga onse, lero akubweza makasitomala chifukwa makina awo akale akudumpha ulusi, koma ena amene mwana wawo anawagulira akuchita dzimbiri m'nyumba. Mukawafunsa amakuuzani mbiri ya makina akalewo kuyambira tsiku limene anafika. Ife timangoti nkhalamba n'zamakani, n'kumapita.

Ine ndinafika ku Milonde ndili ndi maganizo omwewo, akuti ndi makani chabe.

Ndinawapeza achimwene pakhonde, dzuwa likuswa mtengo, besi yakale ili pamiyendo, yosalumikiza ku sipika. Titapatsana moni ndinayamba. Ndinawauza kuti mwana wadzimana kuti awagulire chinthucho, iwo n'kuchiponya pamwamba pa kabati ngati mphasa yakutha. Ndinawauza kuti dzina silivinitsa munthu. Ndinawafunsa ngati akufuna kuti Felesiya alowe m'holo akuimbiridwa ndi mwana wa eni ake pamene bambo ake ali moyo, manja ali nawo. Iwo ankangosisita mawaya.

Kenako ndinatulutsa mfundo imene ndinaisungira kumapeto. Achimwene sanayambire pa gitala yamagetsi. Anayambira pa babatoni imene anakhoma okha: bokosi la pulayiwudi lopakiramo tiyi, mtengo wautali, ndi waya wa buleki ya njinga. Ndi imene inawatchukitsa m'makomboni, mpaka a bandi anawaitana. Tsiku limene esiteti inagula zida zamagetsi, bokosi lija analisiya osalitsanzika n'komwe, amayi n'kumasungiramo nandolo. Ndinawafunsa kuti ngati kusintha chida ndi tchimo, nanga bokosi lija analisiya bwanji?

Anadzutsa mutu.

"Mwamaliza, achemwali?"

Ndinati ndamaliza.

"Lija ndinalisiya ndili ndi mphamvu," anatero. Anatambasula dzanja lamanzere, zala zake zotupa m'mfundo, n'kuyesa kuzipinda. "Ndikalephera pa iyi, anthu amati gitala ndi yolemera. Inenso ndimati gitala ndi yolemera. Nanga ndikatenga yopepukayo n'kulepheranso, tidzati chiyani?"

Abale inu! Ndinachita manyazi, ndipo ndinamva chisoni chimene sindinachimvepo chichokereni pa maliro a amayi athu. Ndinabwera kudzalimbana ndi munthu wamakani, koma pakhondepo panali munthu wamantha. Zoona galu wamkota sakandira pachabe. Achimwene sankateteza kampani ayi. Ankabisala kuseri kwake, kuti asadziwe ngati zala zawo zatha.

Ndinaganiza za atelala aja a pa Boma. Kodi ndi makina amene akudumpha ulusi, kapena ndi maso amene sakuonanso bowo la singano? Sindinawafunsepo. Tonse timafulumira kugulira achikulire athu zinthu zatsopano, n'kukwiya akapanda kuzigwira. Sitiganiza kuti mphatsoyo kwa iwo ili ngati mayeso, ndipo akalephera palibenso choti anamizire.

Amene anathetsa nkhaniyi si ine. Alamu anga anali atamva zonse ali pakhomo.  Analowa m'nyumba, anakwera pampando, anatsitsa bokosi lija, n'kulisiya pamkeka pafupi ndi kasipika ka achimwene. Kenako anandikodola kuti tipite kuseri kwa nyumba tikasende chinangwa, ndipo anatumiza adzukulu onse kumsika. Anandinong'oneza kuti mwamuna uyu sangayese pali maso a munthu.

Tinasenda chinangwa chambiri kuposa chimene nyumbayo ikanadya. Kunali zii, kupatula nkhuku. Ndinafuna kudzuka kuti ndikasuzumire, alamu anandikoka chitenje.

Kenako tinamva. Kaphokoso kamodzi kakuya, kenako kena. Anali kuchuna mawaya. Anayamba nyimbo, inaduka. Anayambanso, inadukanso pamalo omwewo, ndipo tinamva akudzitukwana m'Chilomwe, chimene amachikumbukira pokhapokha akakwiya. Alamu anali atasiya kusenda, mpeni uli m'manja, maso ali pansi. Kachitatu nyimboyo inadutsa pamene inkadukira paja, n'kupitirira, pang'onopang'ono, mpaka kumapeto. Anayesa ina yothamanga, inawakanika. Anayesanso, inawakanikabe. 

Patapita nthawi anatulukira kuseri kuja akudzisisita phewa. Anaima, osatiyang'ana, n'kunena kuti gitalayo sikulira ngati yawo.

"Koma ikulira," anatero alamu.

Achimwene sanatsutse. Anatembenukira kwa ine.

"Mukamuuze mphunzitsi uja kuti zothamangazo ampatse mnyamatayo, ine sindizikwanitsanso. Koma yolowera mkwatibwi asampatse munthu. Mwana wanga ndimulowetsa ndekha."

Ndinalira, ndisabise. Ndinalira chifukwa cha nyimbo zonse zimene anazipereka m'mawu amodzi amenewo, ndiponso chifukwa cha imodzi imene anaigwiritsitsa.

Ndiye mukandifunsa ngati woimba besi azikakamira kampani imodzi, ndinena kuti akakamire, bola ikumutumikira. Palibe cholakwa kukonda chida chimene chakudyetsa ndi kukupatsa dzina. Koma tsiku limene chayamba kumulanda nyimbo, achisiye, chifukwa kampani idzapanga magitala ena ambirimbiri, pamene mwana womaliza amalowa m'holo kamodzi.

Ndipo inu amene muli ndi bambo, amayi kapena amalume amene akukana chinthu chatsopano chimene munawagulira, musanawatchule amakani, munayamba mwakhalapo nawo pansi n'kuwafunsa chimene akuopa?