Sikopu Imene Sinali Yanga

Ndikukumbukira chaka chimene ndinakwanitsa zaka khumi ndi zinayi, tikukhala ku Al Duhail, m'dziko lina la Aluya, bambo akugwira ntchito ya uinjiniya. Lachisanu lililonse ankanditenga ku kalabu ina ya masewero owombera chandamale, kunja kwa tauni kumene nyumba zimathera n'kuyamba mchenga. Kumeneko ndinadziwana ndi a Chimwaza, Mmalawi mnzathu amene kale anali msilikali. Ntchito yawo inali yosamalira mfuti za kalabuyo ndi kuphunzitsa ana. Ndinkawatchula ankolo, ndipo Khirisimasi ankadyera kwathu.

Iwo ndiwo anandiphunzitsa kuwerenga sikopu, kagalasi koyang'aniramo kamene kamamangidwa pamwamba pa mfuti. Mkati mwake mumaoneka mtanda wopyapyala ngati tsitsi, ndipo pamtandapo pamakhala timizere ting'onoting'ono. Chandamale chikakhala kutali, chipolopolo chimatsika chisanafike, mphepo nayo imachikankhira kumbali. Choncho suloza ndi pakati pa mtanda, umawerenga timizere n'kusankha koyenera. Ndinkagona chafufumimba pa kapeti yotentha, fungo la mafuta a mfuti lili m'mphuno, iwo atagwada pambali panga n'kumandiuza pomwe chipolopolo chagwera. M'kupita kwa miyezi, timizere ta sikopu imene anandipatsa ndinatiloweza moti ndinkatiwona ngakhale nditatsinzina.

Kenako kunabwera mpikisano wa achinyamata. Wopambana ankalowa m'timu ya kalabu, ndipo aliyense ankadziwa kuti nkhondo inali pakati pa ine ndi mnyamata wina, mwana wa manijala wa pamalopo. M'mawa wa tsikulo kunkawomba mphepo ya fumbi. Bambo anakhala kumbuyo kwa chingwe atanyamula foni kuti ajambule vidiyo yotumizira mayi, amene anali pa shifiti kuchipatala.

Nditangoyika diso pa sikopu, ndinaona kuti china chake chasintha. Mtanda unalimo, koma timizere tinali tothithikana, tambiri kuposa timene ndinazolowera.

"Ankolo, sikopu iyi si yanga," ndinanong'ona.

"Ndi yomweyo. Mantha akukusokoneza maso," anayankha osandiyang'ana. "Werenga monga ndinakuphunzitsira. Yalla, fulumira, nthawi ikupita."

Ndinayang'ananso. Maso anga ankanena china, ankolo akunena china, ndipo ndinasankha ankolo. Ndinawerenga timizere monga mwa masiku onse, n'kuwombera. Kafumbi kanabuka mumchenga, chandamale chili chiimire. Chipolopolo chachiwiri chinagweranso pansi, chachitatu chimodzimodzi. Popeza timizereto tinali toyandikana, kuwerenga kwanga kunkakweza mfuti pang'ono chabe. Panthawiyo sindinadziwe zimenezi. Ndinkaganiza kuti manja anga andipandukira, ndipo misozi itayamba kudzaza m'maso, mtandawo unangosungunuka.

Titamaliza, ana onse tinakabweza mfuti patebulo. Mfuti ya mwana wa manijala, amene anali atapambana, inali pafupi ndi yanga. Sindikudziwa chinandikoka n'chiyani, koma ndinawerama n'kusuzumira m'sikopu yake. Timizere tanga tinali mmenemo, tonse, titakhala m'malo mwake.

A Chimwaza ndinawapeza kuseri kwa chipinda chosungiramo zida, akupukuta manja pa kansalu.

"Munasintha, eti?"

Anapinda kansalu kaja. "Ya mwana wa manijala inawonongeka dzulo. Abwana anati ndimupatse yabwino kwambiri. Imene ndinakumangira ija ndi yabwinonso, ndinaiyesa ndekha."

"Bwanji simunandiuze? Ndikanawerenga mwanjira ina."

"Ukanauza bambo ako, bambo ako akanakafunsa ku ofesi. Wosayina kontirakiti yanga ndi manijala yemweyo, Tadala. Ndili ndi ana ku Dedza. Khalas, zatha basi, udzapambana chaka chamawa."

Anatambasula dzanja kuti andigwire paphewa, ine ndinabwerera m'mbuyo. M'galimoto ndinawafotokozera bambo zonse. Anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anati, "Ndikakadandaula, ankolo ako akwera ndege yobwerera kumudzi sabata yomwe ino. Ukufuna nditero?" Ndinapukusa mutu. Ndinakwiya kwambiri chifukwa ngakhale mkwiyo wanga unalibe kopita. Ku kalabu kuja sindinabwererekonso, ndipo a Chimwaza akaimba foni ndinkalowa kuchipinda.

Lero ndine wamkulu, nanenso ndimagwira ntchito m'dziko la eni, ndipo ndikudziwa mmene munthu amachepera pamaso pa amene wagwira chiphaso chake. Za kusintha sikopu ndinawakhululukira kalekale. Chimene chimandiwawabe ndi mawu aja akuti mantha akundisokoneza maso. Anadziwa kuti ndaona bwino, anadziwanso kuti ndidzakhulupirira iwo kuposa ine mwini, ndipo anagwiritsa ntchito chikhulupiriro chimenecho. Zinanditengera zaka kuti ndisiye kufunsa ena ngati chimene ndaona chilidi choncho. Mwana wanga akabwera n'kunena kuti, "Amayi, apa pali chinachake cholakwika," ndimasiya zimene ndikuchita, n'kupita kukaona.