Paketi ya Tiyi Imene Ndinakankha ndi Rula

Ndakhala pa tilu m'golosale ina ku Tshabalala, dera la anthu oyankhula Chindebele, kwa zaka zambiri, moti makasitomala ndimawazindikira ndi kayendedwe asanalowe n'komwe. Koma amene sachoka m'mutu mwanga ndi agogo ena aamuna a ku Iminyela, omwe anagwira ntchito kunjanji mpaka kupuma. Ankabwera Loweruka lililonse atavala jekete, kaya kutenthe bwanji, kudzagula chinthu chimodzi basi: masamba a tiyi a ku Mulanje. Tiyi wina aliyense ankati ndi madzi otsukira mbale.

Tiyiyo sankabwera pa malole a ku Joni ngati katundu winayo. Ankabwera naye mayi wina wa geni amene ankakwera basi mpaka ku Blantyre, ndipo abwana ankangotengako katoni imodzi poti ogula anali ochepa.

Tsiku loyamba ndinawapatsa paketi ndi dzanja limodzi, maso ali kwina. Iwo anangoima, manja kumbuyo, n'kundifunsa m'Chichewa, "Kodi kwanu kulibe akuluakulu?" Manyazi anandigwira. Chimwalirireni bambo anga, panalibe amene anandikalipirapo m'chinenero chimenechi, ndipo kunena zoona ndinakondwa. Kuyambira pamenepo ndinkawapatsa ndi manja awiri, bondo nditapinda pang'ono, iwo n'kulandiranso ndi manja awiri. Kenako tinkacheza. Ankandiseka kuti Chichewa changa chimatsimphina, ine n'kuwabwezera kuti jekete lawo linaona Welensky, nduna yaikulu ya Chitaganya ija... ayi, ndinkangoti linaona azungu akubwera. Kunyumba ana anga amayankhula Chindebele chokhachokha, choncho Chichewa changa chinali cha Loweruka.

Ndiye kunabwera mliri wa korona. Mabasi anaima, mayi wa geni uja osaonekanso. Malole ankagona masiku pa malire, ndipo mashelefu anayamba kuyera. Tinkayala sopo mzere umodzi kutsogolo kuti mipata isaoneke, ngati munthu wobisa dazi ndi tsitsi la m'mbali. Ufa ukafika, mzere unkakafika pokwerera makombi, maminibasi akuno, aliyense thumba limodzi. Pakhomo mlonda ankapopera anthu sanitaiza ndi kuwaloza pachipumi ndi kachipangizo koyezera kutentha. Pa tilu anatipachikira chipulasitiki chokhala ndi kabowo m'munsi, abwana n'kulamula kuti tisakhudzane ndi kasitomala. Ine mantha anali atandikwana, chifukwa mwana wanga wamng'ono ali ndi mphumu. Ndinapeza rula ya kusukulu, ndipo katundu ndinkakankha ndi imeneyo.

Tiyi uja atatsala paketi imodzi, ndinaibisa pansi pa tilu. Ndinkadziona ngati munthu wabwino kwabasi.

Agogo anabweradi, ataima padzuwa pafupifupi m'mawa wonse, masiki ya nsalu italendewera pansi pa mphuno. Ndinatulutsa paketi ija monyadira, n'kuiika pa kauntala, n'kuikankhira pa kabowo ndi rula. Anaiyang'ana, kenako anayang'ana ine.

"Mwana wanga, ndasanduka galu kodi?"

"Ayi agogo, ndi lamulo."

"Lamulo lake lati undiponyere?"

Kumbuyo anthu anali atayamba kale kukuwa kuti ndifulumire: "Phangisa, sisi!" Ine ndine wa mtima wapachala, ndipo tsikulo ndinali nditatopa. Ndinawayankha mokweza, m'Chindebele, kuti atenge azipita, anthu akudikira. M'Chindebele, chonsecho chiyambire sitinayankhulanepo m'chinenero chimenecho. Agogo anatola paketi ija pa kauntala ndi manja awiri, ngati aipatsidwa ndi munthu, n'kutuluka.

Sanabwerenso. Ndinkadzitonthoza kuti ana awo awaletsa kuyenda, komanso kuti akudziwa kuti tiyi watha. Koma Loweruka lililonse ndinkasuzumira pamzere kufunafuna jekete lija, ndipo mawu opepesa ndinali nditawakonza bwinobwino, m'Chichewa chosatsimphina.

Malire atatsegulidwa, mayi wa geni anatulukira ndi katoni yake. Ndinagula paketi imodzi, ndipo nditaweruka masana ndinapita ku Iminyela, kufunsa khomo ndi khomo za madala a jekete a kunjanji. Anatsegula chitseko ndi mwana wawo wamkazi, wa msinkhu wanga. Ndinamulonjera m'Chichewa, iye anamva koma anayankha m'Chindebele. Anati bambo ake anatisiya m'nyengo yozizira, ndipo kumaliro kunaloledwa anthu owerengeka, n'chifukwa chake uthenga sunafike patali.

Ndinangotulutsa paketi ija, n'kupinda bondo, n'kumupatsa ndi manja awiri. Analandira ndi dzanja limodzi, linalo litagwira chitseko.

"Ngiyabonga, sisi," anathokoza mwaulemu ndithu. "Koma muno palibenso amene amamwa tiyi ameneyu."